Basi ya ku Ntcheu

Bambo anatuluka Lachiwiri mbandakucha,
atavala jekete ya kutchalitchi ndi nsapato zosiyana.
Geti lathu ku Mabvuku linatsala likulira lokha.

Zaka makumi asanu ali mu Harare muno,
akusoka mayunifomu pakhonde la sitolo,
Chishona chitakhazikika palilime ngati mwana wa m'nyumba.
Koma ukalamba ndi mwini ngongole wopanda chisoni:
unadzalanda zonse zimene anapeza kuno,
misewu, mitengo ya makombi, ngakhale dzina langa,
n'kuwasiyira chinenero chokha
chimene anabwera nacho m'sutikesi.

Kupolisi anandipatsa benchi.
Kuchipatala anandipatsa kaundula kuti ndiwerenge ndekha.
Kuchipinda chozizira kuja miyendo inakana.

Dziwani, mwana wa mlongo wanga,
amene ndinkamukalipira kuti foni idzamupinda khosi,
anati, Azakhali, ndipatseni chithunzi.
Tinapeza cha paukwati, akuseka, dzino limodzi palibe.
Analemba mizere itatu, nambala yanga pansi,
n'kudina.

Chithunzi chinayenda chopanda tikiti:
gulu la maliro la anthu akwathu,
amayi a Mvano ku Highfield,
anyamata oitanira makombi pa Copacabana.
Ambiri anangoika timanja topemphera n'kudutsa.
Wina anaimba usiku, ati wawaona ku Epworth,
nditumize kaye ya mafuta.
Ndinatumiza.
Foni yake sinayakenso mpaka lero.

Sindinkadziwa kuti tsidya lina la mzinda
uthenga wina unali utanyamuka kale.
Ku Mbare, pakati pa milu ya kabichi,
Mai Shupikai, wogulitsa tomato,
anapeza nkhalamba itakhala pakreti,
ikufunsa aliyense mwaulemu, womva palibe.
Anaipatsa tiyi ndi mbatata, anaifunditsa nsalu,
anaigoneka pamasaka pafupi ndi alonda.
Tsiku lachitatu anaiyandikizira foni kukamwa,
kujambula mawu, n'kulemba m'chinenero chake:
Ndani akumva zimenezi?

Nkhope yopanda mawu,
mawu opanda nkhope,
zonse zikuzungulira mzinda umodzi osaonana,
mpaka Lachisanu, magetsi atabwera pakati pa usiku,
zinakumana m'foni yong'aluka galasi
ya mlonda wa fakitale ku Msasa,
mdzukulu wa anthu a ku Dedza,
amene Chichewa chake n'cha pamaliro basi.
Anamvetsera katatu. Kenako anandiimbira:
Amayi, tamverani izi.

Phokoso la mabasi. Wina akutsatsa anyezi.
Kenako bambo anga, pang'onopang'ono:
"Pepanitu, basi ya ku Ntcheu inyamuka nthawi yanji?
Amayi akundidikira.
Ndinawauza kuti sindikachedwa."

Amayi awowo anamwalira ine ndisanabadwe.

Tinawapeza akuunjika tomato,
wamkulu pansi, wamng'ono pamwamba,
mizere yowongoka ngati msoko.
Sanandizindikire.
Anandipatsa moni wa mlendo, manja awiri,
ine ndinayankha ngati mlendo,
ndinati, Basi ija yafika, tiyeni.
Anatsanzika msika wonse.

Mai Shupikai anakana ndalama.
Anati ndizingomutumizira mawu awo nthawi zina,
ati sawamva, koma anawazolowera.

Chithunzi chija chikuyendabe,
palibe angachiitane kuti chibwerere.
Dzulo wina anaimba kuchokera ku Joni:
Kodi agogo aja anapezeka?
Ndinati eya, ali pompano, akuwodzera padzuwa,
jekete ili pamwendo, akudikira basi.

Pageti tinaika loko.
Mlonda uja amabwera Lamulungu kudzaphunzira miyambi,
bambo amamutcha dzina la mng'ono wawo.
Za khosi la Dziwani
sindinenanso kanthu.